Miyezo ya Mkwatibwi Yafufutika

Mwanawe,

Ukadzuka sundipeza. Ndapita kukamuyezanso mkwatibwi wa Loweruka lino, chifukwa cha pulogalamu yako ija.

M'mawa uno ndimafuna kuchotsa dzina la kasitomala amene anatenga kale suti yake. Ndinadina pofufutira, dzina lili pompo. Ndinadinanso, osasuntha. Kachitatu ndinadina ndi mtima wonse. Nditatseka tsamba n'kulitsegulanso, ndinapeza dzina lija lachoka, koma lapita ndi ena awiri apansi pake. Limodzi ndi la mkwatibwiyo, pamodzi ndi miyezo yake yonse. Nsalu yake ili patebulo, ndipo sindingaidule mongoganizira.

Usandiuze kuti ndi netiweki. Zinthu zikufufutika ndithu, koma mndandanda ukumangoonetsa zakale mpaka munthu atatsegulanso tsambalo. Ukonze lero lomwe, usanapite kwa anzako. Ndikabwera ndiyesa ndekha, iwe uli chiimire pambali panga.

Mayi ako anaisiya shopu ino isanayezepo munthu kawiri. Lero ndikagogoda pakhomo pa eni ake, tepi ili m'khosi, ngati wophunzira ntchito.

Mausi ndaiswa. Pepa. Inandiyamba yokha.

Bambo ako