Tayala Lakumbuyo Kumanzere

Lolemba, 2 Juni

Malimu a matayala afika. Anayi, onyezimira ngati mbale za m'hotela. Mainchesi 22. Galimoto inabadwa ndi 18. Amene anaipanga anakhala pansi zaka zambirimbiri, ndi makompyuta awo, ndi imvi zawo, n'kugwirizana kuti 18. Bwana anaona chithunzi pafoni akudikira tiyi, n'kugamula kuti anthu aja analakwitsa.

Ndinayesa kuyikapo mlomo. Yankho: "Pulofesa, ndinakulemba yoyendetsa, osati yophunzitsa." Pulofesa ndi ine. Zaka zinayi ku yunivesite kuphunzira fizikisi, zaka zisanu pachiwongolero cha munthu wogulitsa simenti ndi malata. Dzinali anandipatsa tsiku lomwe anaona satifiketi yanga. Mpaka lero amaliona ngati nthabwala yatsopano.

Tsiku lonse kwa Chigamba, wa matayala uja. Jeke, sipanala, thukuta, wailesi yosokosera. Kutsogolo wadula pulasitiki ya m'kati ndi mpeni kuti tayala lipeze malo. Kumbuyo wangoyang'ana n'kukanda mutu. Akuti, "Uku n'chitsulo, achimwene, tingopemphera." Pakati pa tayala ndi chitsulocho pakulowa chala chimodzi. Changa. Cha Bwana sichingayerekeze.

Kunyumba mkazi wanga miyendo yatupa. Mwezi wachisanu ndi chitatu. Wafunsa ngati galimoto yakongola. Yakongola, ndisanamizire. Ngati azakhali atavala gogoda.

Lachiwiri, 3 Juni

Yayamba kulira.

Pa kachitunda ka pamsewu pafupi ndi sukulu: khwee. Pokhota pa chigayo: khwee. Pa kadzenje koti ngakhale njinga sikamva: khwee. Osati kulira kwa chitsulo chothyoka ayi. Kulira kwa kamwana ka galu kopondedwa mchira.

M'galasi ndinaona nyuzipepala ikutsika pang'onopang'ono, maso a Bwana n'kutulukira pamwamba pake. "Wayamba liti kuyendetsa ngati wa ngolo?" Ine wa ngolo. Zaka zisanu osakanda ngakhale penti, osaponda ngakhale nkhuku.

Nditawatsitsa pa ofesi ndinabwerera njira yomweyo ndekha. Kachitunda komweko, liwiro lomwelo. Zii. Ndinadutsanso kawiri mpaka mayi wogulitsa nthochi anayamba kundiyang'ana ngati ndasokonekera. Zii.

Ndili ndi ganizo. Sindikulifuna.

Lachitatu, 4 Juni

Zachitikira pakhomo la banki, pomwe Bwana amafuna kuti malimu aonedwe. Aonedwadi. Polowa pali kamtunda, galimoto inalira mokoka, anthu a pamzere onse cheu. Mlonda wa pabanki anachita sawatcha uku akudziluma mlomo.

Masana andiitanira mu ofesi. Sanandipatse mpando. Ndinaima n'kumayang'ana chithunzi chakale chomwe chili pakhoma kumbuyo kwawo: kamnyamata kowonda ngati ndodo ya tsache, katatsamira lole yonyamula mchenga. Akuti ndi iwo. Umboni palibe, kupatula makutu.

Mawu awo ndiwalembe monga anatulukira: "Pofika Lachisanu phokosoli lithe. Apo ayi makiyi uwasiye patebulopa. Madalaivala ali mbwee pageti, ena opanda digiri koma odziwa kuyendetsa."

Ndinapempha kuti tibwezeretse malimu akale. Anapatsa kale mlamu wawo. Ndinathamangira kwa Chigamba kukafunsa za masipuling'i olimba. Ochita kuitanitsa, masabata awiri. Tinazungulira naye msika wonse, iye atatulutsa mutu pawindo ngati galu wa anthu olemera. Galimoto duu, ngati mwana wochenjera pamaso pa dokotala.

Ndagula choko. Ndapaka m'kati mwa chitsulo cha pamwamba pa matayala onse anayi. Digiri igwireko ntchito kamodzi isanadyedwe ndi njenjete.

Mkazi wanga sindinamuuze za Lachisanu. Anali kupinda timalaya ta mwana, kutiika m'chikwama, kutitulutsanso, kutipindanso. Ine ndimangoyendayenda, khomo, windo, khomo. Akuti, "Bambo a mwana, khalani pansi, woyembekezera ndine."

Lachinayi, 5 Juni, m'mawa

Choko sichinama. Nditawatsitsa ndinagwada n'kuyang'ana matayala onse. Atatu akuda bii. Limodzi lili ndi mzere woyera kuzungulira. Lakumbuyo, kumanzere.

Amakhala pamenepo ndani, m'mawa ndi madzulo, nyuzipepala ili m'manja?

Ndiye kuti galimoto ilibe vuto. Dalaivala alibe vuto. Msewu uli ndi mavuto ake koma pa mlanduwu ndi mboni chabe. Wolakwa ndi amene amandilipira.

Lachinayi, madzulo

Munthu wophunzira saweruza popanda kuyesa. Bwana ali pa msonkhano wa tsiku lonse, ndinapita kusitolo kwawo n'kubwereka matumba atatu a simenti, ati akufunika kunyumba. Ndinayala katoni pampando wachikopa wa Bwana. Msewu wa kuseri kwa nyumba yawo uli ndi kachitunda kabwino.

Thumba limodzi: zii.
Awiri: kakunong'ona, mwina.
Atatu: khwee. Mawu omwewo, mpaka kamkokedwe kake.

Ndinamangira matumbawo lamba. Sindikudziwa chifukwa chake. Ulemu, kapena chizolowezi.

Ndikuwatsitsa kuseri kwa galaja, ndinangomva fungo la mafuta onunkhira. Madamu, akazi a Bwana. Ataima, manja m'chiuno, akuyang'ana ine, simenti, lamba, ine. Mkaziyu saphonya kanthu. Sanafunse kuti mukutani. Anangoti, "Angati, a Pulofesa?" Ndinati atatu, mayi. Anaseka mpaka anagwira khoma. Kenako anapukuta misozi n'kunena kuti, "Ine ndakhala ndikuwauza zaka khumi, adokotala zisanu. Inu mukufuna muwauze mawa, pa malipiro anuwo?"

Ndinawapempha kuti asanene. Anati pakamwa pawo ndi potseka. Ananena akusekabe.

Matumba ndawasiya kuseri kwa galaja, ndawafunditsa lona.

Tsopano njira. Kunena zoona: makiyi patebulo. Kusanena: khwee, makiyi patebulo. Kupopa kwambiri tayala: ndayesa, zabodza. Kuyenda pang'onopang'ono ngati wa maliro: andinena kale kuti ndikuwachedwetsa. Kuwauza kuti azikhala pakati: kulira matayala awiri.

Ku yunivesite anatiphunzitsa kuyeza kulemera kwa dziko lonse lapansi ndi pensulo. Palibe anatiphunzitsa kuuza munthu mmodzi kulemera kwake.

Mwana wagunda m'mimba, mayi ake anandigwiritsa dzanja. Kachidendene, kolimba. Ndinachita mantha ngati ndabwereka chinthu cha mwini.

Lachisanu, 6 Juni

Ndinalipeza ganizo ndikupukuta malimu. Ndinadzitamanda. Ndilembe kuti ndinadzitamanda, kuti tsiku lina ndidzawerenge ndidzadzimenye.

Atatuluka, m'malo motsegula chitseko chakumbuyo, ndinatsegula chakutsogolo. Ndinati Bwana, phokosoli limamveka bwino munthu akakhala kuno, ndipo khutu lanu ndi lakuthwa kuposa langa, tandithandizani kulisaka. Kunyengerera kwa digiri. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Analowa. Mpando ndinaukankhira kumbuyo mpaka unatha njanji.

Sukulu: zii. Chigayo: zii. Ndinachita dala kudzera ku banki, kamtunda kaja tinakakwera ngati pa kapeti. Mlonda uja anasowa woti amuchitire sawatcha, kumbuyo kulibe munthu.

"Wapanga chiyani, Pulofesa?" Ndinati ndakonza kagawidwe ka katundu. Si bodza.

Ndinkati zatha. Mtima unatsika, mapewa anamasuka. Koma munthu uja anali atasiya nyuzipepala. Maso pa manja anga, pa magiya, pa msewu. Anayamba kuyankhula zomwe sindinamvepo pa zaka zisanu. Lole ija ya pachithunzi. Kuti inalibe sitata, ankaiimika potsetsereka. Kuti ankagona pansi pake. Kuti anasiya kuyendetsa atagula sitolo yachiwiri chifukwa anzawo anati munthu wa sitolo ziwiri sadzigwirira chiwongolero. "Kumbuyo kuja munthu sumaona kanthu, umangoona khosi la dalaivala." Zaka zisanu akuwerenga khosi langa.

Titadutsa pa mphambano anati ndiime. Anatuluka, anazungulira, anagogoda pawindo langa. "Tasuntha."

Ndinapita kumpando wa pambali, koma anali ataikapo chikwama ndi jekete. Anandilozera kumbuyo ndi chibwano.

Ndakhala pampando wa Bwana lero. Kumanzere. Wofewa mochititsa manyazi, uli ndi kabatani kotenthetsa msana. Pa kachitunda kena ndinagwira mpweya. Zii. Ine sindikwana ngakhale thumba ndi theka, tayala silinandimve n'komwe.

Ndipo amatha. Ndicho chikundiwawa. Ndinkayembekeza kuti agunda kanthu, kampanda, kambuzi, chilichonse chotsika mtengo. Ayi. Akukhota ndi chikhatho chimodzi, chigongono pawindo, akuimba mluzu. Pageti la ofesi analowa chobwerera m'mbuyo osayang'ana kawiri. Antchito anatuluka kudzaona. Mlonda anathamanga n'kunditsegulira ine chitseko.

Makiyi sindinawasiye patebulo. Anawaika okha m'thumba mwawo. "Weruka, ndikuimbira."

Phokoso latha Lachisanu monga analamulira. Wina andiuze ngati ndapambana.

Loweruka, 7 Juni

Foni sinalire. Ndaitchaja kawiri. Ndadziimbira ndi ya mkazi wanga kuti ndione ngati ikugwira. Ikugwira bwino kwambiri, yopanda chisoni.

Ndakonza chitseko cha kabati chomwe chakhala chikulendewera kuyambira chaka chatha. Ndasesa. Ndatsuka nsapato zomwe zinali zotsuka kale. Ndatulutsa satifiketi m'sutikesi, ndaiyang'ana, ndaibwezera.

Mkazi wanga wazindikira. Mwamuna wosesa pansi pa bedi Loweruka sabisa kanthu. Ndamuuza zonse, choko, simenti, lamba. Ndinkadikira misozi. Waseka mpaka ndinaopa kuti mwana abadwira pamphasa. Atatha anaika dzanja pamimba. Akuti, "Ndiye mwawachiritsa abwana anu, mwadzichotsa ntchito nokha." Ndinati sizinatsimikizike. Anapitanso kukapinda timalaya.

Chigamba watumiza uthenga: masipuling'i aja awaitanitse? Awaitanitsire agogo ake.

Lolemba, 9 Juni

Dzulo sindinalembe. Panalibe cholemba, kupatula kuti denga lathu lili ndi malata khumi ndi anayi.

Lero ndinavala yunifolomu n'kupita kwa Bwana nthawi yanga ya masiku onse, ngati munthu amene sanamve. Galaja pululu. Pansi zidindo za matayala, zazikulu, zonyada. Mlonda wa panyumba akuti Bwana anyamuka mbandakucha, okha, wailesi ili pamwamba. Akuti dzulo anatenga Madamu kukawayendetsa, onse awiri kutsogolo ngati chibwenzi.

Pakhomo la galaja, matumba anga atatu. Lona lachotsedwa. Asanjikizidwa bwinobwino mu wilibala. Pamwamba kapepala, kotsindikizidwa ndi mwala, zolemba za Bwana zija zonga mapazi a nkhuku:

"Pulofesa. Atatu wanama, adokotala akuti awiri ndi theka. Bweza simenti yanga kusitolo. Ukafika ukhale komweko, wa pasikelo wapuma ntchito mwezi watha ndipo ndatopa kuberedwa. Munthu woyeza abwana ake sangaope kuyeza lole."

Ndinawerenga katatu. Madamu pawindo la kukhitchini, kapu m'manja, nkhope ya mngelo. Pakamwa potseka paja.

Ndakwezedwa kapena ndalangidwa, kapepalako sikakunena. Za malipiro sikakunenanso. Sikelo ili panja, padzuwa, pafumbi, pakati pa madalaivala a malole amene amatukwana ngati akupereka moni. Palibe kabatani kotenthetsa msana. Koma pali manambala. Zaka zisanu ndi zinayi chilowereni ku yunivesite, wina wandipempha kuti ndiyeze chinthu.

Ndaimbira mkazi wanga. Akuti, "Ntchito ilipo kapena palibe?" Ndati ilipo. Akuti ndiye mukudandaula chiyani, kankhani.

Ndikulemba izi nditakhala pa simenti, pansi pa mtengo, theka la ulendo. Manja atuluka matuza, yunifolomu yatuwa. Kusitolo ndi makilomita atatu, ndipo Bwana akudziwa bwino lomwe kuti ndi atatu. Wilibala ili ndi tayala limodzi, laling'ono, la saizi yomwe anaipangira eni ake, palibe analikongoletsa.

Likulira khwee.