Mawu a Bambo Ake Atsekeredwa mu Laputopu

9 Novembala

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo, koma mtima wanga suli m'malo, ndiye mundikhululukire ndikulemba mothamanga.

Mukukumbuka laputopu ya malemu bambo a Kadona, ija munaikamo pulogalamu yaulere imene mumapanga ndi anzanu? Ali m'chipatala anajambulamo mawu awo, mauthenga makumi awiri ndi atatu, oti mwana azimvera akamakula. Anajambulira m'kapulogalamu ka kampani kamene anawapatsa kuntchito. M'mawa uliwonse Kadona ankadina yekha n'kumva bambo ake akuti, "Wasamba m'manja, dona wanga?" Iye n'kumaonetsa manja pa sikirini.

Lachiwiri pa sikirinipo panatuluka kabokosi ka mawu a Chingerezi. Munandiuza kuti ndisamadine zimene sindikuzimva, ndikudziwa. Koma pakona panali kachizindikiro ka gulu lanu, kaja kali pa malaya anu, ndiye ndinati ndi achimwene akundituma. Ndinadina. Kuyambira pamenepo kapulogalamu kaja sikakutsegukanso.

Ndinapita nayo kwa okonza makompyuta pafupi ndi siteji. Anaiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Mayi, sinawonongeke iyi, mawu alimo. Eni ake pulogalamu yaulereyi achotsa dala mbali imene inkagwirizana ndi za kampani." Akuti inu ndi anzanuwo munakangana miyezi yambiri, ena n'kumati kampani imabisa zam'kati mwa zinthu zake, ndiye simungamaisenzere katundu mpaka kalekale. Kampaniyonso akuti inatseka. Kubweza zakale okonzawo akuopa, akuti mawu angafufutike. Anandionetsa mndandanda wa amene anavomera kuchotsako. Kuwerenga Chingerezi ndimavutika, achimwene, koma dzina lanu ndimalidziwa.

Sindikukuimbani mlandu. Mwina mukulondola, sukulu munapita ndinu. Koma ine ndikuopa. Kadona akungokhala patsogolo pa laputopu, ikamatulutsa kamphepo kake amati, "Ababa akupuma." Dzulo masana ndinamupeza atagunditsa khutu pa mabatani, akunong'ona kuti, "Gogodani ndimve." Akamadya akusiyako theka pambali pa laputopuyo. Ndinayesa kubisala kuseri kwa chitseko n'kukulitsa mawu ngati bambo ake. Sanatembenuke n'komwe. Anangoti, "Amama, siyani."

Chonde apempheni anzanuwo abwezeretse, ngakhale tsiku limodzi lokha, ndijambule pa foni yanga. Mukatero mudzatsekenso, sindidzakuvutitsani. Ngati akufuna chifukwa, awerengereni kalatayi, manyazi ndilibe.

Mupereke moni kwa onse kumeneko. Kadona akuti moni amalume. Za dzina lanu sindinamuuze, ndipo sindidzamuuza. Muyankhe msanga, achimwene anga. Lero ndikuchapa ndinayesa kukumbukira mmene bambo a Kadona ankandiitanira akamalowa pakhomo, ndinaima ndi sopo m'manja mpaka madzi kuzizira, koma mawu awo sanabwere.

Ndine mlongo wanu,
Make Kadona