Mzere wa pa Bwalo la Mabasi

Al Quoz, Dubai
Febuluwale 2021

Achemwali anga a Elinah,

Landirani moni wochokera kuno kumchenga. Kodi muli bwanji inu, alamu ndi ana? Nanga amayi, miyendo ija ikuwalola kufika kumunda? Tikumva kuti matendawa abweranso mwamphamvu kumeneko ndipo maliro akungotsatizana, ndiye mundiuze zoona, musamangoti tonse tili bwino pofuna kundikhazika mtima pansi. Ine thupi lili bwino, chakudya chikulowa, ntchito ikadalipo. Mtima wokha ndi umene sukukhala malo amodzi.

Mudabwa kuti ndalemberanji kalata pamene foni ilipo. M'chipinda chimene ndimagona tilimo amuna angapo, mabedi osanjikizana, ndipo ukangotsegula pakamwa aliyense wamva. Nkhani imene ndikufuna kukuuzaniyi ikukhudza anthu omwewo. Choncho ndapatsira Rose, mayi wa ku Mulanje amene ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Mirdif. Mabwana ake abwerera kwawo, ndiye nayenso akubwerera. Akafika pa Limbe akakuimbirani.

Kuno ndi nyengo yozizira, kuzizira kwake kongofuna juzi yopepuka. Mzindawu ukuoneka ngati palibe chachitika: magetsi akuwala, alendo akutsika ndege kudzaothera dzuwa, masitolo akuluakulu ndi otsegula. Ife timangoima pazitseko ndi kachipangizo koyezera kutentha kwa thupi, kuloza anthu pachipumi tsiku lonse. Kutchalitchi ndatenga nthawi osapondako, mapemphero timangoonera pa foni.

Paja ndinakuuzani kuti tonse a pakampani yathu ya ulonda timagona malo amodzi, timati kukampu. Kuli Amwenye, a ku Nepal, a ku Pakistan, ndiye ife akuda: Amalawi, a ku Zambia, a ku Uganda ndi a ku Ghana ochepa. Matenda atavuta, kampani inapatula nyumba imodzi yosanja kumapeto kwa mpanda, yotchedwa Buloko C, kuti aliyense wopezeka ndi korona azikabindikira kumeneko. Pakhomo pake pamafunika mlonda, pamafunika wokweza chakudya ndi madzi, pamafunikanso wotsitsa zinyalala. Ndi ntchito yofunika, sindikuinyoza. Koma achemwali, chiyambire, oikidwa pamenepo ndi ife akuda tokhatokha. Nanenso ndinagwirako masabata anga.

Tinamufunsapo supavaiza wathu. Anaseka, nati ife Aafirika tili ndi magazi olimba, korona amatiopa. Ankanena ngati akutiyamikira. Pasanapite nthawi Potiphar, mnzanga wa ku Chipata amene bedi lake lili pansi pa langa, anayamba kutsokomola, ndipo anamulowetsa m'nyumba yomweyo imene ankailondera. Magazi olimba aja sindikudziwa kuti tsiku limenelo anali atapita kuti.

Chaka chitangoyamba, akuluakulu a kampani analengeza kuti kukampu kusankhidwe munthu mmodzi woimira antchito, woti azikakhala nawo pamsonkhano wa mabwana mwezi uliwonse. Munthu wobwera ngati ine m'dziko muno savota, ndipo za kwathu nazo zimatidutsa tili kuno, ndiye kachisankho kameneka tinakatenga ngati chinthu chachikulu.

Woyamba kuima anali Rajan, Mmwenye wosunga chipinda cha mayunifomu. Chibwerere ine kuno, munthu ameneyu anali asanapondepo pakhonde lathu. Koma sabata imeneyo tinatopa naye kumuona, m'manja muli mpunga wa biriyani, aliyense akumutchula habibi, ndiye kuti wokondedwa m'Chiarabu. Anafika pophunzira kunena kuti muli bwanji, ngakhale kuti ankadziyankhanso yekha. Analonjeza wailesi yakanema yoonera mpira ndi makina atsopano ochapira. Enos, mnyamata wa ku Luchenza uja ndinakwera naye ndege imodzi pobwera, anamufunsa za Buloko C. Rajan anayang'ana kudenga nati inshallah, ndiye kuti Mulungu akalola. Kuno bwana akakuyankha choncho atayang'ana kudenga, umangodziwa kuti wakukanira mwaulemu.

Si munthu woipa Rajan, ndisamunamizire. Nayenso anabwera kudzasaka, ndipo anthu ake nawo akuvutika. Kungoti nkhani yathu kwa iye inali ngati maliro a m'mudzi wina.

Atachoka, anyamata anasonkhana pakhonde nati tiimike wathuwathu. Akuda tonse tikaphatikizana tilipo ambiri ndithu, ndipo tinkaona kuti ena a ku Nepal angathe kutithandiza. Maso onse anagwera pa ine, ati chifukwa ndine wamkulu, Chingerezi chimatuluka bwino, komanso pakamwa sindichedwa, zimene inu mukuzidziwa kuyambira ndili mwana. Ndinakana kamodzi kokha, kukana kwa mwambo. Lonjezo langa linali limodzi: ntchito ya ku Buloko C izizungulira, lero wakuda, mawa Mmwenye, mkuja wa ku Nepal. Enos ndiye anali patsogolo, kuyenda chipinda ndi chipinda kundigulitsa, akunditchula kuti olemekezeka a khansala. Ndisaname, ndinkamva kukoma.

Vuto linabuka pa kavotedwe. Mapepala ndi zolembera akuluakulu a kampani anakana, ati zingafalitse matenda. Iwo ankafuna kuti aliyense atumize dzina la amene akumufuna pa foni kwa kalaliki wa ku ofesi, kalalikiyo awerenge yekha. Ife Amalawi nkhani ya mavoti owerengedwa kuseri timaidziwa bwino, ndiye magazi anandithamanga. Ndinaimirira nkuwauza kuti kwathu tili ndi njira imene palibe angabe. Ndinafotokoza za mapulaimale, momwe opikisana amawaimikira kutsogolo atafulatira, nsalu kumaso, ndipo aliyense amakaima pambuyo pa munthu amene akumufuna. Kuwerenga kumachitika dzuwa likuswa mtengo, aliyense akuona. Mkulu wa kampu anavomera msangamsanga, nati khalas, ndiye kuti nkhani yatha, tichite zomwezo. Ine ndinatuluka ndikudziguguda pachifuwa kuti ndawaphunzitsa demokalase. Kuvomera kwachangu kuja sindinakuganizire.

Tsiku lake linali Lachisanu m'mawa, pabwalo pamene pamaima mabasi otitengera kuntchito. Pansi panali polembedwa kale timizere tachikasu toti anthu azitalikirana. Ndinavala shati yanga ya kutchalitchi. Anatiimika ine ndi Rajan kutsogolo nkubweretsa matawulo otimanga kumaso. Ndisanamangidwe ndinaona supavaiza wathu ataima pamthunzi, foni m'manja, ati akujambula zithunzi za chikumbutso. Ameneyu ndi amene amagawa ntchito, ndiponso ndi amene amanena kuti uyu kontirakiti yake ipitirire, uyu akwere ndege. Masiku ano okwera ndege achuluka.

Achemwali, kuima chofulatira utamangidwa kumaso ndi chinthu china. Umangodalira makutu. Ndinkamva mapatapata akukhwekhwereza pasimenti kubwera cha kwa ine, mtima nkumati eya, ndi awo anthu anga. Kenako phokosolo linkapitirira kumanzere. Wina anaima pafupi kwambiri, mpaka ndinamva fungo la mafuta amene Enos amadzola. Anaima kanthawi ndithu. Ndinamumva akuusa moyo, kenako mapazi ake anachoka.

Atati tichotse matawulo titembenuke, mzere wa Rajan unali utafika kugeti mpaka kukhota. M'menemo munali nkhope zonse zimene zinandituma, maso ali pansi, ena akukonzakonza masiki ngati yawavuta. Kumbuyo kwanga kunali simenti yokhayokha. Sindinachitepo manyazi otero chibadwire, ndipo sindinadzionepo kuti ndili ndekha chonchija, ngakhale tsiku limene ndinatsika ndege m'dziko muno osadziwa kolowera.

Ndiye ndinamva wina akutsokomola m'mwamba. Buloko C inali kumbuyo kwanga, kuseri kwa waya. Pakhonde la m'mwamba panali Potiphar, atagwira chitsulo kuti asagwe, ataima molunjika pamene ndinaima ine. Pambuyo pake odwala anzake anali atandanda bwinobwino motalikirana, ndipo sanali akuda okha. Panali a ku Nepal, panalinso mdala wina wa ku Pakistan amene tinkamukwezera madzi otentha. Potiphar anayankhula ndi mawu osasa m'Chinyanja chake chija kuti, "Tiwerengeni na ise, tikalibe kufa." Kenako anabwereza m'Chingerezi kuti mabwana amve.

Mkulu wa kampu anayankha kuti owerengedwa ndi okhawo amene aponda pabwalo. Choncho anthu amene analibe chifukwa choopera supavaiza, poti choopsacho chinali chitawagwera kale, ndi amene sanawerengedwe. Rajan anapambana. Anabwera kudzandipatsa moni wogundana zigongono, nati tonse ndife abale.

Sabata yotsatira anandichotsa ku nyumba yosanja ya ku Jumeirah Village Circle kumene ndinkalondera, nkundiika pakhomo la Buloko C. Sananene kuti mpaka liti. Rajan wakhala kale msonkhano wake woyamba ndi mabwana, ndipo wailesi yakanema ija yabweradi, anthu akuonera mpira. Za kasinthasintha wa ntchito palibe watchulanso. Musade nkhawa kwambiri, ndimavala masiki awiri ndipo katemera woyamba ndabayitsa. Izi amayi musawauze, mtima wawo mukuudziwa. Potiphar akupezako bwino, wayamba kudandaula kuti ndiwo zachepa mchere.

Chimene chikundiwawa si ntchitoyo ayi, koma kukhala chete kwa m'chipinda. Palibe amene wandinyoza, palibe amene ndamukalipira, koma ndikangolowa nkhani zimaduka. Kale tinkaphika limodzi nkudyera pamodzi tikuseka za kumudzi. Pano ndikafika aliyense amapezeka kuti wadya kale. Ena amati akuopa kuti ndingawatengere matenda, ndipo mwina nzoona, koma ine ndikudziwa kuti chachikulu ndi manyazi. Tsiku limatha anthu amene ndalankhula nawo ali odwala okha, nawonso kudzera pawindo. Ndimasowa anthu, achemwali, ndili pakati pa anthu.

Enos amadzuka ine ndisanadzuke. Tsiku lina ndinapeza atandisitira yunifomu nkuipachika pabedi langa. Ndinapsa mtima, ndinafuna kuiponya pansi, kenako ndinamumvera chisoni. Ali ndi ana ang'onoang'ono, mkazi wake ndi woyembekezera, ndipo kontirakiti yake ikutha mu Epulo. Ndikanakhala iye, sindikudziwa kuti mapazi anga akanandiimika pati. Njira ya mzere ija ndinaibweretsa ndine. Ndinkati ndikutsekera wakuba pakhomo, osadziwa kuti ndikuvula anzanga pagulu.

Tsopano ndifike pa chimene ndalembera. Mu uthenga wanu wa tsiku lija munandiuza mukuseka kuti Overton wathu, chitsiriza cha amayi, wapenga. Munati akufuna kuima pa mapulaimale a ukhansala m'malo mwa khansala wathu anamwalira uja, ndipo akulimbana ndi kapitawo wa ku esiteti amene azungu ake amupatsa galimoto ndi zitenje zogawa. Munati nkhani imene Overton wanyamula ndi ya njira ya kuchipatala ija eni esiteti anatseka ndi waya, yoti iwo amadutsa pa galimoto pamene ife eni dera timazungulira phiri, wodwala ali kumsana. Munatinso inu simupitako, chifukwa sangapambane, komanso alamu amagwira ntchito pa esiteti pomwepo. Nanenso ndinaseka nthawi imeneyo. Pano sindikusekanso.

Alamu asapite, ndawamvetsa, ndipo Overton mumuuze kuti asadzawasungire chakukhosi. Zoti apambana ine sindikulonjeza. Mwina agwa ndithu, ndipo kugwa kwake kudzamveka mpaka ku Bvumbwe. Koma inu achemwali, ndagwira mwendo wanu, tsikulo mukavale masiki yanu, mukaime pambuyo pake. Ndikudziwa kuti ndapempha chinthu cholemera, chifukwa kapitawoyo potembenuka adzakuonani, ndipo dzina la amuna anu akulidziwa. Mukambirane kaye awiri m'nyumba. Mukaona kuti nzosatheka, ine sindidzakuimbani mlandu, monga sindikumuimba Enos. Ndikanakhala pafupi ndikanakaimapo ndine, koma ndili kuno kulondera chitseko. Mwana uja akadzachotsa nsalu kumaso, adzapeze munthu mmodzi wa kwawo ataima pansi pomwepo, pamene angathe kumuwerenga.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti mwana wawo akudya bwino. Moni kwa alamu anga a Rogers, kwa amalume ndi banja lawo, kwa azakhali, ndi kwa ana anu Theresa ndi Chiyamiko, aziwerenga ngakhale sukulu zikutsekedwatsekedwa. Overton musamuonetse kalatayi, angayambe kudzimva. Mungomuuza kuti akulu ake amva, ndipo sakumuseka.

Mulungu akusungeni nonse mpaka maso adzaonane.

Ndine mlongo wanu wosowa kwawo,
Maclean