Dzina limene Manfred anafafaniza

Mng'ono wanga Dunstan,

Amene wandilembetsa kalata ino ndi Manfred Kasuba, koma ndiyambe ndafunsa moyo. Muli bwanji kumeneko? Mlamu mwendo uja unapola? Ine ndagonekedwa kuchipatala cha St James's, sabata yachitatu ino. Madokotala akumayankhulana motsitsa mawu.

Bungwe la maliro la Amalawi okhala kunja kuno tinaliyambitsa anthu sikisi, mu 2004, m'khitchini mwanga ku Coolock. Tinapangana kuti wina akatisiya, thupi lizipita kumudzi, ndipo mmodzi wa ife, mosinthana, aziliperekeza mpaka kumanda. Munthu si katundu woti akwere ndege yekha.

Mnzathu George atamwalira mu 2009, woperekeza ndinali ine. Koma mapepala anga a asylum, opempha kukhala kuno ngati wothawa kwawo, anali asanatuluke. Ndikanaponda ku Malawi, kuno sindikanabwerera. Ndinamuuza Manfred, tcheyamani wathu, tili awiri podikirira basi. Anati ndisadandaule, apita iyeyo. Kumsonkhano anakauza anthu kuti ndamukana George poopa kutaya ntchito. Ndinangoti chete, poti masiku amenewo za mapepala sitinkaulula pagulu. Dzina langa analifafaniza m'buku la bungwe ndi bolopeni yofiira, ine ndikuona.

Lero bungwelo lakula, lili ndi yunifolomu ndi kwaya. Mlembi wake, Chrissie, ndi nesi m'chipatala muno. Ndinamupempha andilembenso. Anagwada pambali pa bedi, nati pepani agogo, wodwala salowa mwatsopano, ndipo wochotsedwa amabwezedwa ndi yemwe anamuchotsa basi. Lamulo limenelo ndinalemba ndine, Dunstan, ndi dzanja langali.

Mwana wanga Ryan akuti kunonso manda alipo, kapena angondiwotcha. Amanena m'Chingerezi, akusisita phewa langa. Sindimuda. Kwathu sakudziwako.

Manfred anabwerera kumudzi, akuweta nkhuku ku Namadzi. Foni yanga sayankha.

Upereke moni kwa mlamu, kwa achemwali ndi ana onse. Mulungu akusungeni.

Tsono chimene ndikufuna ndisanatseke maso ndi chimodzi. Kwera minibasi upite kwa Manfred. Usakamukalipire, angakupitikitse. Akayankhule pa foni yako kuti George sindinamukane, mawuwo utumize kwa Chrissie. Kupepesa akafuna asapepese. Angonena zimene ndinamuuza podikirira basi paja.

Malo aja a pafupi ndi manda a amayi musapatse munthu kaye.

Ndine mkulu wako,
Overstone