Yatulutsa a XL okha

Noelene wanga,

Ukadzuka usandifune, ndathamangira kwa Gavin wosindikiza malaya asanayatse makina ake.

Pulogalamu ndinakulembera ija, yoika mayina pa mayunifolomu a timu yako ya netibolo, yatulutsa atsikana a XL okha. Onse ovala S, M ndi L yawadumpha. Gavin akasindikiza mndandanda umenewo, Loweruka ku Cairns mulowa m'bwalo ndi osewera atatu.

Vuto ndi laling'ono, moti munthu wamba sakanaliona msanga ngati ine. Mu APL, chiyankhulo cha makompyuta chimene ndinalembera pulogalamuyi, zilembo ziwiri monga XL zimakhala mzere wa mawu, koma chilembo chimodzi monga S chimaima chokha ngati mbeta, ndiye pulogalamu yanga poyeza kutalika kwake sinapeze kanthu. Mankhwala ake ndi kuika kachizindikiro kopumira kotchedwa koma (,) patsogolo pa chilembocho. Tangoganiza, ine amene ndinayamba ndi kumeta nkhosa ku Longreach mpaka kukaphunzitsa chiyankhulo chimenechi ku Toronto ndi ku Singapore, kugwetsedwa ndi kachizindikiro kochepa ngati nyerere.

Ndakonza kale. Tsegula kompyuta, uwerenge mayina onse khumi ndi awiri, chifukwa atsikanawa ukuwadziwa ndiwe, kenako utumize kwa Gavin isanakwane teni koloko.

Ndikukumbuka dzulo unandifunsa kuti, "Abwana a makompyuta, mwayesako ndi S?" Ine ndinati, "Mayi, ku Singapore sankandifunsa zimenezo." Pepa. Undiseke madzulo, koma Gavin ndimuuza kuti vuto ndi makina ake.

Desmond wako,
katswiri ndithu mpaka pano