Sefa imene unamanga iwe

Wokondedwa mlongo wanga, Injiniya wa banja lathu,

Ndikhulupirira uli bwino kumeneko pamodzi ndi mulamu ndi ana. Kuno tadzuka. Amayi miyendo ikuwavutabe, koma pakamwa ndiye pali bwinobwino. Msana wanga ndi nkhani ina, ndipo mwini nkhaniyo ndiwe.

Ukuikumbukira sefa ya madzi imene unaika pansi pa sinki utabwera kumaliro a bambo? Pa chigubu chake analembapo kuti chimangidwe ndi manja basi. Iwe unatenga sipanala ya malemu, n'kuluma mlomo, n'kumanga ngati ukutsekeramo njoka. Ife opusa tinakuombera m'manja.

Pano sefayo yadzaza matope. Madzi akudontha ngati misozi ya pamaliro a eni, mtundu wake wa tiyi wopanda mkaka. Ndayesa kumasula. Ndathira madzi otentha, ndakulunga lamba wa bambo n'kukoka mpaka kugwa chagada. Ndachinyoza ngakhale m'Chingerezi cha kuyunivesite. Chigubu chili phee. Chimene chikugwedezeka ndi paipi yolowa m'khoma ija, yodyeka ndi dzimbiri, yomwe inatiyambira kubadwa tonsefe.

Ndinaitana pulambala. Anagwada, n'kugwiragwira, n'kudzuka akupukusa mutu. Akuti akakakamiza, paipi ithyokera m'khoma ndipo nyumba isanduka dziwe. Njira ndi kudula chigubucho ndi sowo n'kuika china.

Amayi atangomva za sowo anakoka mpando n'kukhala kutsogolo kwa sinki. Akuti palibe wodula chinthu chimene anamanga mwana wawo. Akuti tsiku lonyamuka unawauza kuti asalole munthu aliyense kuchigwira, udzamasula wekha pobweranso. Pulambala atafunsa kuti mwanayo abwera liti, anamuyankha kuti iye anaitanidwira paipi, osati kuchita kalondolondo wa ana a eni. Bamboyo analongedza zida zake, ndipo foni yanga sakuyankhanso.

Ndiye mlongo wako, ndi digiri yake yonse, m'mawa uliwonse asanapite kuntchito akusenza ndowa kuchokera kwa aneba. Anebawo ayamba kundipatsa moni wa m'mphuno. Galu wawo yekha ndiye akundilandirabe ngati munthu wophunzira.

Poyamba ndinkati ndi liuma la ukalamba. Koma dzulo ndinawapeza amayi atawerama movutikira, akupukuta chigubucho ndi kansalu. Nditawadandaulira za msana wanga, sanakalipe. Anangondifunsa motsitsa mawu kuti chikadulidwa, iweyo udzabwereranso chiyani kuno. Ine ndinangotola ndowa n'kutuluka.

Choncho bwera, mlongo wanga. Ngati sungathe, aimbire foni amayi, uwauze ndi pakamwa pako kuti subwera, kuti alole sowo. Adzalira, koma adzamwa madzi oyera. Ndipo chonde usatumize sefa yatsopano. Sefa si imene ikusowa m'nyumba muno.

Komatu ndikukudziwa. Uwerenga kalatayi, useka pa nkhani ya galu, kenako uwaimbira n'kuwauza kuti ubwera posachedwa. Iwo akhulupirira, mpando ubwerera kutsogolo kwa sinki. Ine ndagula kale ndowa yachiwiri.

Mulungu akusunge ndi manja ako amphamvuwo. Undiperekere moni kwa mulamu ndi ana, uwauze kuti agogo awo amawatchula tsiku lililonse.

Ndine mlongo wako wamkulu,
Wotunga madzi wa digiri