Madzi Otentha Akuchedwabe Kubafa

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo.

Giza yathu yotenthetsera madzi ija sinasinthe khalidwe. Ukatsegula mpope kubafa, madzi ozizira amayamba adzaza ndowa, otentha n'kumabwera pambuyo monyada ngati mkwatibwi. Pulambala akuti paipi yatalika, gizayo tiisendeze pafupi, koma ine mtima ukukana. Mukukumbukira mmene munkandipusitsira kuti wamng'ono ndiye amayamba kusamba, pofuna kuti ozizirawo athere ine? Ndikachedwa, bambo ankagogoda chitseko amvekere, "Wagonamo kodi?"

Lachiwiri ndinapeza amayi ataima pampopepo, dzanja lili m'madzi, nthunzi ili tolotolo. Ndinawakoka msanga, zala zitafiira kale.

Akuti, "Ndikuyesera madzi bambo ako, angachedwe kuntchito."

Ndinangoti, "Asamba kale, amayi." Anamwetulira n'kukakhala. Ndinalibe mphamvu yowakumbutsa kuti bambo tinawaika m'manda zaka zisanu zapitazo.

Kuchipatala tinapita, koma zimene ananena adokotala si zolemba m'kalata. Dzina lanu amayi akulitchulabe bwinobwino, pakadali pano. Kodi tchuthi chanu chili liti, achimwene?

Ndine mlongo wanu,
Mzime wa m'nyumba muno